Ntchito yoyeza kutentha kwa nyumba pa kompyuta: achemwali a ku Britain atiuze

Tadala:
Moni nonse. Ine ndi mmodzi wa aja timangowerenga osalemba, koma lero ndili ndi funso. Ndinamaliza za zomangamanga ku MUBAS, ndipo ndaona yunivesite ina ya ku Britain ikufuna munthu wa building energy simulation mu labu yawo ya kafukufuku. Ndinamva kuti achemwali a NaBanda ndi ntchito imene amagwira kumeneko. Achemwali, tsiku lanu limayenda bwanji? Nanga munthu wochokera kuno angayambire pati?

Gift wa pa Ndirande:
Kumanga nyumba pa kompyuta? Ndiye ndilembeniko ntchito, ine ndili ndi nyumba zitatu m'mutumu, malo okha ndiwo akusowa kkkk

NaBanda:
Zikomo a Tadala. A Gift, nyumba zanuzo ndingazilowetse mu kompyuta mawa lomwe, koma lendi simudzatolera.

Nyumba isanamangidwe, kapena isanakonzedwe, pamakhala mafunso amene pulani payokha singayankhe. Kuchipinda kudzatentha bwanji usiku? Magetsi kapena gasi adzapita wochuluka bwanji pa chaka? Tikakulitsa windo ili, kuwala tipeza, koma titaya chiyani? Ine ndimaimanga nyumbayo mu pulogalamu: khoma lililonse ndi zimene lapangidwira, denga, mawindo, kumene yayang'ana, anthu angati amakhalamo ndiponso nthawi yanji. Kenako ndimaipatsa nyengo ya chaka chathunthu, ola ndi ola, maola 8,760, pulogalamuyo n'kumawerengetsa kutentha kumene kukulowa ndi kumene kukutuluka.

Mu labu mwathu timadalira EnergyPlus. Ndi ya boma la America, inatuluka mu 2001, ndipo ndi yaulere. Ena amakonda IES VE ya ku Glasgow, ena DesignBuilder, imene kunsi kwake ndi EnergyPlus yomweyo koma aiveka zovala zabwino. Ziwirizo ndi zogula. Ku yunivesite ya Strathclyde ali ndi yawo, ESP-r, anaiyamba m'zaka za m'ma 1970.

Musaganize kuti ndimaswera kujambula nyumba zokongola. M'mawa ndimayamba n'kuona ngati zimene ndinasiya zikuyenda usiku pa kompyuta yaikulu ya yunivesite zafika kumapeto. Kawirikawiri ndimapeza kafayilo ka zolakwika kakundidikira, koti khoma lina silikukumana ndi linzake, kapena windo lakula kuposa khoma limene lakhalapo. Ndikakonza zimenezo ndimalemba kapulogalamu kosinthira zinthu kokha mu Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, chifukwa nyumba imodzi timaiyesa kambirimbiri, tikusintha kachinthu kamodzi nthawi iliyonse. Masana kumakhala misonkhano ndi a pulofesa, kuthandiza ophunzira a masters, ndi kulemba mapepala a kafukufuku. Masiku ena ndimavala jombo n'kukakwera kudenga m'nyumba za anthu kukaika zoyezera.

Bambo Mbewe:
Mayi NaBanda, ndisakunamizeni, ine ndawerenga koma mtima sunakhutire. Ndamanga nyumba mu Lilongwe muno kuyambira ena a inu musanabadwe. Ndikaima pa puloti ndimadziwa kumene dzuwa lituluke, kumene mphepo ichokere. Agogo athu ankafolera udzu, khonde kuzungulira nyumba yonse, munthu n'kumagona bwinobwino mwezi wa Okutobala. Analibe kompyuta. Ndiye ndalama zonsezi zikupita pofuna kudziwa chiyani chimene mmisiri sadziwa?

Gift wa pa Ndirande:
Madala ayamba. Tiyeni tikhale pansi.

NaBanda:
Bambo, funso lanu ndi labwino ndipo sindikutsutsani za agogo. Nyumba ya udzu, ya zidina, ya khonde, ukailowetsa mu pulogalamu imachita bwino masana kuposa nyumba zambiri za malata zopanda siling'i. Udzu sulola kutentha kudutsa msanga, khonde limatchinga khoma, dothi limasunga kuzizira kwa usiku.

Koma lero kasitomala wanu sakufuna udzu. Akufuna malata, magalasi aakulu, mpanda wautali umene umatchinga mphepo, ndipo ndalama zake n'zowerengeka. Atakufunsani kuti, "Ndatsala ndi ndalama ya chinthu chimodzi. Ndiike siling'i, ndipente denga, kapena nditalikitse khonde?" mumuyankha kuti zonse n'zabwino, ndipo mukhala mukunena zoona. Chimene ine ndingawonjezere ndi kukula kwa phindu la chilichonse, mu madigiri ndi maola. Masana kukakhala kopanda mitambo, dzuwa limatsitsa mawati pafupifupi 1,000 pa sikweya mita iliyonse. Malata akuda kapena a dzimbiri amamwa pafupifupi magawo 8 mwa 10 a mphamvu imeneyo, oyera amamwa atatu okha. Pa denga la masikweya mita 60, kumeneko n'kusiyana kwa mawati 48,000 ndi 18,000. Zambiri zimauluka ndi mphepo kunja, koma zotsalazo zimatsikira pamutu pa munthu ali m'nyumba.

Ndipo mmisiri amadziwa nyumba za mtundu umene wamangapo. Chipatala cha nsanjika zinayi chokhala ndi makina oziziritsa, palibe amene angachiyeze ndi maso.

Bambo Mbewe:
Pa malata akudawo mwandigwira. Makasitomala a masiku ano onse akufuna charcoal grey, ati ndiye zapamwamba. Ndimawauza, samva.

Mayi a ku Nchalo:
Pepani kulowerera, ine ndine mphunzitsi, za makompyuta sindizidziwa. Koma kalasi imene ndimaphunzitsa kuno ikamakwana 11 koloko m'mwezi wa Novembala imasanduka chiwaya. Malata ali pafupi, siling'i kulibe, mawindo ndi a njerwa za mabowo zija. Ana amangosinza, ena mutu, mapeto ake timatuluka kukakhala pansi pa mtengo. Funso langa ndi lakuti amene anajambula buloko imeneyi anaijambulira kuti? Chifukwa ndinakaona ina yofanana nayo ndendende ku Dedza, kumene anthu amavala majuzi.

NaBanda:
Mayi, mwakhudza pamene ntchito yanga imavutira kwambiri. Nchalo ili m'chigwa, kukwera kwake ndi mamita osakwana 100 pamwamba pa mlingo wa nyanja yamchere. Dedza ili pamwamba, kupitirira mamita 1,500. Pulani imodzi singakomere malo onse awiri.

A Tadala, mvetserani apa. Masamu a mu pulogalamu ndi olondola, anayesedwa kwa zaka zambiri. Chimene chimatigwetsa ndi zimene timaidyetsa, ndipo choyamba ndi fayilo ya nyengo. Timaitcha EPW. Muli kutentha, chinyezi, mphepo ndi mphamvu ya dzuwa kwa ola lililonse la chaka, ndipo chakacho sichinachitikepo ayi, amachisoka potenga miyezi yooneka yapakatikati kuchokera m'zaka zambiri. Kuno ku Britain bungwe la CIBSE limakonza mafayilo amenewa a mizinda yosiyanasiyana, ena a chaka chotentha kwambiri, ena oyerekeza nyengo ya m'tsogolo. Kwathu mafayilo aulere alipo pa intaneti, koma amatsamira malo oyezera nyengo ochepa, makamaka mabwalo a ndege, ndipo mipata amaidzaza ndi zochokera ku masetilaiti ndi makompyuta a zanyengo.

Tsono taonani. Bwalo la Chileka lili pa mamita ochepera 800, pamene Limbe ili kupitirira 1,000. Aliyense wokhala ku Blantyre amadziwa kuti Chileka kumatentha pamene ku Limbe kuli chiperoni. Ku Lilongwe n'zotembenuka: bwalo la ndege la ku Lumbadzi lili pamwamba, cha m'ma 1,200, mzinda uli m'munsi, komanso uli ndi phula ndi malata ambiri. Ukatenga fayilo ya pa bwalo la ndege n'kuiyesa nyumba ya ku Kawale, yankho lituluka lokongola, la manambala anayi pambuyo pa kadontho, koma la malo ena.

Achimwene a ku Joni:
Ndalowa mochedwa, ndinali ku site. Ine ndimagwira zofananako kuno ku Johannesburg, koma ku kampani, osati ku yunivesite. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno kuli lamulo. SANS 10400-XA inayamba mu 2011, anaikonzanso mu 2021. Pulani siidutsa ku khonsolo popanda kuonetsa za mphamvu: zotchinga kutentha kudenga, kukula kwa magalasi, ndiponso theka la madzi otentha lisachokere ku giza wamba wa magetsi. Ukafuna nyumba ya magalasi ambiri kuposa mmene lamulo likulolera mwachidule, uyenera kuchita simulation yoonetsa kuti sikudya mphamvu mopitirira. Mpamene ife timadyera.

Ndiye Tadala mng'ono wanga, dziwa kuti njira ndi ziwiri. Ku kampani kasitomala amafuna lipoti Lachisanu, lidutse basi. Ku labu kwa achemwaliwa amakufunsa kuti nambala iyi waitenga kuti, ndipo ukhoza kutha miyezi pa funso limodzi. Ine ku labu sindingathe, mtima wanga ndi wachangu.

NaBanda:
Zoona achimwene, ndipo funso loti "waitenga kuti" silongovutitsa munthu. Ndikupatseni chitsanzo cha kuno. Britain ili ndi nyumba zakale zambirimbiri za khoma la njerwa lopanda mpata pakati. Kwa zaka zambiri, powerengetsa ankaika kuti khoma lotere limataya kutentha pa mlingo wa 2.1, imene timaitcha U-value. Anthu atapita kukamata zoyezera pa makoma enieni anapeza kuti ambiri sataya choncho, ndipo mu 2017 nambala ya boma inatsitsidwa kufika 1.7. Ganizani mapulani ndi malonjezo onse amene anawerengetsedwa pa nambala yoyambayo. Anthu ankauzidwa kuti akamata zotchinga apulumutsa ndalama zakutizakuti, zimene sizikanatheka.

N'chifukwa chake ku yunivesite ya Salford anafika pomanga nyumba yeniyeni yakale mkati mwa chinyumba china chachikulu, mmene amapangamo mvula, mphepo ndi chisanu mwakufuna kwawo. Anawonjezera ina yaikulu mu 2023, imene imatha kuchoka pa madigiri 20 pansi pa ziro kufika 40. Zonsezi n'zofuna kuona ngati kompyuta ikunena zoona.

Chachiwiri chimene chimatigwetsa ndi anthu. Tinaika zoyezera m'nyumba zingapo zimene zinali zitangokonzedwa. Nyumba ina manambala ake sankagwirizana ngakhale pang'ono ndi model, nyumba ya mu kompyuta ija, gasi ankapita wambiri. Tinayang'ana makoma, tinayeza mpweya wothawa m'ming'alu ndi chifani chachikulu chija timamangirira pakhomo, zonse zili bwino. Nditapita kukacheza ndinapeza gogo wina wansangala, atavala kamalaya kopyapyala m'mwezi wa Januwale, windo la kukhitchini lili pululu. Anati amalisiya choncho usana ndi usiku kuti mphaka wake azilowa ndi kutuluka. Anawonjezera kuti kale ankatenthetsa chipinda chimodzi chokha, koma poti tsopano nyumba ikusunga kutentha, akutenthetsa zonse. Ananditsanulira tiyi, mphakayo ali pa mpando akundiyang'ana. Mu pulogalamu mulibe malo olembapo mphaka.

Gift wa pa Ndirande:
Kkkkk PhD yonse kugonja kwa pusi

Achimwene a ku Joni:
Usaseke Gift, vuto limeneli lili ndi dzina, performance gap, kusiyana kwa zimene zinawerengetsedwa ndi zimene nyumba ikuchitadi. Lipoti la 2016 la Innovate UK, bungwe la boma la Britain, linapeza kuti nyumba zosakhala zogonamo zimene anaziyeza, monga masukulu ndi maofesi, zinkatulutsa utsi wa kaboni wowirikiza ka 3.8 poyerekeza ndi zimene zinawerengetsedwa pojambula. Mbali ina n'chifukwa chakuti kuwerengetsa kwa lamulo sikuphatikiza zonse zolumikiza ku soketi, mbali ina ndi mamangidwe, mbali ina ndi amphaka amenewa.

Bambo Mbewe:
Ndiye mwabwera kumene ndinayambira. Ngati makina akulakwitsa kanayi, ine amene ndimalakwitsa pang'ono ndili bwino.

NaBanda:
Kkkk bambo, simugonja. Koma kusiyana kulipo. Model ikalakwitsa ndimatha kuitsegula n'kuona pamene yalakwira. Timaika zoyezera, n'kumaikonza mpaka igwirizane ndi zenizeni, ndipo pali malire ovomerezeka. Malangizo a bungwe la mainjiniya la ku America, ASHRAE Guideline 14, amati poyerekeza ola ndi ola, kupendekera mbali imodzi kusapitirire 10 peresenti, kumwazikana kusapitirire 30 peresenti. Ikalowa m'malire amenewo mpamene ndimayamba kuifunsa zoti bwanji tikasintha ichi. Ngakhale apo, ndimaikhulupirira kwambiri pofananitsa zinthu ziwiri, denga loyera ndi lakuda, kusiyana ndi pondiuza bilu yeniyeni ya mwezi wa mawa.

Ndipo ndinene poyera, pa nyumba za kwathu ine ndikusowa zimene inu muli nazo. M'mabuku muli manambala a njerwa za ku Ulaya. Njerwa yootchedwa pa uvuni ya ku Mtandire, ina yapsa ina sinapse, kukula kosiyanasiyana, matope okhuthala pakati, imeneyo nambala yake ndiitenga kwa ndani? Inu mumadziwa kuti pulani ikati khoma la mamilimita 230, pa site pamatuluka chiyani.

Bambo Mbewe:
Pamatuluka zimene mwini wake wakwanitsa kugula. Komanso njerwa zootchazo zikutha. Kuyambira 2018 malamulo a NCIC, bungwe loyang'anira zomangamanga, akuletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda, ndiye tonse tathamangira mabuloko a simenti. Mitengo ikupulumuka, chabwino. Koma anthu amene ndawamangira ndi mabuloko a mabowo ena akudandaula kuti madzulo m'nyumba mumatentha msanga kusiyana ndi nyumba zawo zakale. Ine ndilibe chowayankha. Kompyuta yanu ikutipo chiyani?

NaBanda:
Ikhoza kukhala nkhani ya kulemera kwa khoma. Khoma lolemera limamwa kutentha pang'onopang'ono n'kukutulutsa patapita maola, ndiye masana m'nyumba mumakhala bwino. Buloko ya mabowo ya mamilimita 150 ndi yopepuka poyerekeza ndi khoma la njerwa ziwiri, kutentha kumadutsa msanga. Koma musafulumire kuweruza buloko. Khoma lolemera la kumadzulo limene lamenyedwa ndi dzuwa kuyambira 2 koloko limadzakubwezerani kutenthako nthawi yogona. Ku Lilongwe, kumene usiku kumazizira, mukatsegula mawindo limapola. Kwa mayi ku Nchalo, kumene usiku wa Novembala suzizira kwenikweni, khoma lolemera likhoza kukhala mdani kuchipinda. Palinso mabuloko a dothi losakaniza simenti pang'ono, opanikiza pa makina, amene ali olemera ndipo safuna nkhuni. Ndingakonde wina atayeza mitundu itatuyi m'nyumba zenizeni kwa chaka chathunthu.

Sekuru Phiri:
Ndikupatseni moni ana anga, kuchokera kuno ku Harare. Makolo anga anachokera ku Ntcheu, ine ndinabadwira konkuno, ndiye Chichewa changa mundikhululukire. Zimene mukukambazi ife tili nazo pakati pa tauni. Nyumba ya masitolo ndi maofesi ya Eastgate inatsegulidwa mu 1996, anaijambula Mick Pearce pamodzi ndi mainjiniya a Arup, ndipo iye ankanena kuti nzeru anaitenga pa chulu cha chiswe. Usiku mafani amakoka mpweya wozizira kuudutsitsa m'mipata ya konkire ya pansi, masana konkireyo imaziziritsa maofesi, mpweya wotentha n'kutulukira m'machumuni a padenga. Ndalowamo kambiri, simumva kuzizira kwa makina, koma simutuluka thukuta. Bwanji kumudzi kwathu osamanga zotere?

NaBanda:
Zikomo agogo, Chichewa chanu chili bwino kuposa cha a Gift. Eastgate timaiphunzitsa ngakhale kuno. Imatheka chifukwa Harare ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,500, ndipo usiku kumazizira ndithu ngakhale masana kutenthe. Ku Lilongwe, Mzuzu kapena Dedza nzeru imeneyo ingagwire. Ku Nsanje kapena Karonga m'nyengo yotentha mungakoke mpweya usiku wonse koma wofunda. Apa mpamene simulation imathandiza, kudziwiratu musanathire konkire ya mamiliyoni.

Mayi a ku Nchalo:
Zotsegula mawindo usiku mukunenazo, kuno n'zosatheka mayi. Udzudzu, komanso akuba. Ndipo anthu a zaumoyo anabwera m'midzi yozungulira Majete kulimbikitsa kuti titseke mipata ya pakati pa khoma ndi denga, poti mpamene udzudzu umalowera. Anthu anatseka. Nanga mpweya ulowere pati?

NaBanda:
Limeneli ndiye funso limene ndimalakalaka likanakhala ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. A zaumoyo akunena zoona, udzudzu wa malungo umalowera kwambiri pamwamba pa khoma. Koma mukatseka osaika mawindo a sefa okwanira mbali ziwiri zoyang'anana, m'nyumba mumatentha, munthu amataya neti kapena kukagona panja, udzudzu n'kumupeza komweko. Sefa nayonso imachepetsa mphepo, ndiye windo la sefa liyenera kukula kuposa lopanda sefa. Kukula bwanji? Zimenezo zimawerengetseka, koma pafunika wa zaumoyo, mmisiri ndi wa simulation akhale pa mphasa imodzi.

Palinso nkhani ya muyezo. Ku England kunabwera lamulo la kutentha kwa m'nyumba zatsopano, Part O, mu Juni 2022, ndipo mwezi wotsatira dziko linafika madigiri 40.3 koyamba. Muyezo wa CIBSE umene timagwiritsa ntchito umati kuchipinda kusapitirire madigiri 26 kwa maola oposa 32 pa chaka, kuwerengera usiku kuyambira 10 koloko mpaka 7 m'mawa. Mutautengera ku Nchalo, nyumba iliyonse yalephera, ndipo yankho lingakhale loti aliyense agule makina oziziritsa, zimene n'zopanda nzeru. Pali njira ina mu ASHRAE 55 yovomereza kuti thupi limazolowera nyengo ya kwawo. Kunja kukamakhala madigiri 28 mwapakatikati, munthu wa m'nyumba yopanda makina amamva bwino cha pa 26 ndi theka, ndipo ambiri amapirira mpaka 30. Fani ikamazungulira malirewo amakwerako. Koma kuzolowera kuli ndi polekezera, ana anu osinzawo ndi umboni.

Tadala:
Achemwali, ndiye bwanji simukuchita kafukufuku ameneyu? Mukuoneka kuti mtima wanu uli kuno.

NaBanda:
Ndalama, mng'ono wanga. Mu labu sugwira chimene ukufuna, umagwira chimene chapatsidwa ndalama. Britain inaika m'malamulo mu 2019 kuti pofika 2050 ikhale itathana ndi utsi wa kaboni, ndipo nyumba zambiri kuno amazitenthetsa ndi gasi. Ndiye ndalama zili pa kumata zotchinga ndi kuika ma heat pump, makina amene pa yuniti imodzi ya magetsi amapereka kutentha kwa mayunitsi atatu kapena kuposerapo. Ndi ntchito yabwino, ndimaikonda, koma si ya ku Nchalo.

Udziwenso kuti ntchito zimenezi ndi za kontilakiti, zaka ziwiri kapena zitatu, kutengera pulojekiti. Chaka chomaliza umagwira ntchito diso lina lili pa zotsatsa ntchito, ndipo kwa ife obwera, chitupa chokhalira m'dziko chimadalira ntchitoyo. Pepala ukalitumiza limakatha miyezi, n'kubwera ndi ndemanga za munthu wosadziwika wofuna uyambirenso. Si zokuopseza, koma ulowe ukudziwa.

Poyambira: ntchito zambiri za mu labu zimafuna PhD, zina masters. Yang'ana maphunziro a Commonwealth ndi a Beit Trust, amene amathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Koma usadikire zimenezo. Tsitsa EnergyPlus ndi OpenStudio, pulogalamu yothandiza kuigwiritsa ntchito, zonse n'zaulere, laputopu wamba imakwana. Phunzira Python. Bwereza phunziro la kayendedwe ka kutentha mpaka uzitha kuwerengetsa khoma pa pepala, chifukwa wosatha pa pepala sazindikira kompyuta ikamunamiza. Usayambe ndi chinyumba cha nsanjika, yamba ndi chipinda chimene umagona. Ndipo samala ndi mabuku a ku Ulaya akamati mawindo aakulu ayang'ane kummwera. Ife tili kummwera kwa equator, m'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto. Ku Lilongwe limafika pamutu penipeni kumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Febuluwale, ndipo pakati pa nthawi ziwirizo limapendekera kummwera. Mbali zovuta kutchinga ndi kummawa ndi kumadzulo.

Achimwene a ku Joni:
Ndiwonjezere kamodzi. Munthu wobwera ku intavyu ndi model ya nyumba yeniyeni, pambali pali manambala amene anayeza yekha, n'kufotokoza pamene zikusiyana ndi chifukwa chake, ameneyo ine ndingamulembe kusiyana ndi wa masatifiketi asanu. Yang'ananso EDGE, satifiketi ya nyumba yochokera ku IFC, nthambi ya World Bank. Imafuna kupulumutsa 20 peresenti ya mphamvu ndi madzi, ndipo ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri a mu Africa. Pulogalamu yake ndi yaulere pa intaneti.

Gift wa pa Ndirande:
Ine funso langa ndi limodzi. Mu model ya nyumba ya ku Ndirande mumalembamo kuti magetsi amakhalapo maola angati? Chifukwa fani ya pa kompyuta siizima kkkk

NaBanda:
Mukuseka koma mwafunsa za nzeru. Pulogalamu imaganiza kuti magetsi alipo nthawi zonse pokhapokha uiuze. Kwa nyumba za kwathu ine ndingayambe n'kuyesa popanda fani, popanda chilichonse, kuona mmene nyumba payokha ikuchitira. Ndingalembemonso mbaula, chifukwa m'mwezi wa Juni anthu amailowetsa m'nyumba n'kutseka zonse, ndipo mpweya wa makala umapha mwakachetechete. Nyumba yosunga kutentha bwino m'nyengo yozizira imachepetsa chiyeso chimenecho.

Bambo Mbewe:
Chabwino mayi, tiyeni tiyese, tisamangolankhula. Ndili ndi nyumba ziwiri zofanana zimene ndikumaliza, pulani imodzi, zoyang'ana kumodzi, mabuloko amodzi. Mwini wina wavomera malata oyera, winayo wakakamira akuda. Onse alowa mwezi wa mawa. Tizipangizo tanuto timagulidwa bwanji, ndipo timaikidwa pati? Mnyamatayu Tadala abwere adzaike, ine za mabatani sindizitha.

Tadala:
Ndabwera kale bambo. Ndili ku Area 25, ndi pafupi.

NaBanda:
Ndiye zayamba bwino. Ma logger ang'onoang'ono ngati a HOBO kapena Tinytag amakwana m'dzanja, batire limakhala miyezi yambiri. Ndifunsa a pulofesa ngati tingabwereke akale amene ali m'kabati, apo ayi tisonkherana. Koma choyamba mupemphe eni nyumba, muwafotokozere kuti sitijambula mawu kapena zithunzi, timangoyeza kutentha ndi chinyezi, ndipo akakana musawakakamize.

Tadala, m'nyumba iliyonse uike titatu: pabalaza, kuchipinda, ndi pakati pa siling'i ndi malata. Ka m'chipinda kakhale pa msinkhu wa pachifuwa, kutali ndi windo, TV ndi firiji, dzuwa lisakawombe. Kena kamodzi panja pa mthunzi podutsa mphepo, osati kokhoma pa khoma. Usanawaike uwasiye onse pamodzi m'chipinda chimodzi usiku ndi usana, uone ngati akunena zofanana. Azilemba mphindi 10 zilizonse. Ndipo ukhale ndi kope, uzifunsa eni ake kuti mawindo amatsegula nthawi yanji, amagona angati, amaphikira kuti.

Mayi a ku Nchalo:
Kakatsala kamodzi mundikumbukire. Ndikapempha ahedi, kalasi yanga ili pomwepo.

NaBanda:
Kwa inu pafunika tiwiri mayi, kena m'kalasi kena pansi pa mtengo umene mumathawirawo. Bambo Mbewe, munditumizire pulani ndi geji ya malata, komanso mundiuze ngati siling'i ndi ya bolodi kapena ya pulasitiki.

Bambo Mbewe:
Ya bolodi zonse ziwiri. Pulani nditumiza madzulo, ili m'galimoto.